Nsomba ya Matanga ya pa Mwatiiwala

Elube Chisasula anali mlembi wa padoko pa chilumba cha Mwatiiwala, chilumba chomalizira mu Ufumu wa Bweranimawa, kumene sitima ya boma inkafika kamodzi pamwezi woyendetsa akakumbukira njira. Dokolo linali milu itatu ya miyala ndi kanyumba ka malata, momwe munali tebulo, mpando ndi lamya yolira kawiri pachaka. Elube anali mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo ankakonda malamulo monga ena amakondera kwaya. Yunifolomu ankaisita ngakhale Loweruka. Anthu a pachilumbapo ankamulemekeza, ankamusekanso, zonse nthawi imodzi.

Chaka china mvula itangotha, alembi onse a madoko anaitanidwa ku likulu, ku Tikambirana, mzinda womangidwa pamwamba pa phiri, ulendo wa masiku awiri kuchoka kumadzi. Elube anakakhala pa benchi yakumbuyo m'bwalo la Mfumu Ndanenakale Wachinayi, kope lili pamwendo, pensulo ili kukhutu.

Nkhani yake inali ya kalendala. Mfumu ya dziko loyandikana nalo inali itatumiza kalendala ngati mphatso, ndipo tsamba lililonse linali ndi chithunzi cha ngalawa zoyera za matanga, za anthu olemera ongoyenda kukaona dziko, zitaima pa zilumba za kumeneko. Mfumu Ndanenakale inatsegula masamba onse khumi ndi awiri pamaso pa nduna zake, nkhope ikutupa tsamba ndi tsamba.

"Ine zilumba ndili nazo makumi atatu," inatero mfumu. "Uyu ali nazo zinayi, china chimamira mvula ikagwa. Nanga ngalawa zimenezi kwanga sizibwera chifukwa chiyani?"

Anaimirira Wolemekezeka Sindinamve, Nduna ya Zolowa, Zotuluka ndi Zongodutsa, munthu wamfupi wovala majekete awiri.

"Mwini dziko, mwini madzi, mwini mafunde," anatero akuwerama. "Sizibwera chifukwa tilibe lamulo loziletsa. Munthu wolemera akaona malo opanda mlonda pachipata amaganiza kuti mkatimo mulibe kanthu. Tiwaletse mwamphamvu, mudzaona akukanganirana kulowa."

Bwalo lonse linaomba m'manja, ndipo m'manja simunathe mpaka mfumu itayetsemula. Kenaka mlembi wamkulu anayamba kuwerenga Lamulo la Ngalawa za Matanga, lomwe mwachionekere linali litalembedwa kale funsolo lisanafunsidwe. Kuwerengako kunatenga maola atatu.

Ngalawa ya matanga isalowe m'madzi a ufumu popanda chilolezo. Chilolezo chiziperekedwa ku Tikambirana kokha, mwini wake atafika ndi ngalawayo pakhomo pa unduna kuti iyezedwe. Nangula asaponyedwe, pakuti pansi pa nyanja ndi pa mfumu, ndipo kuponya chitsulo pamalo a mfumu ndi chipongwe. Mlendo alembe kuchuluka kwa mphepo imene akufuna kugwiritsa ntchito, yotsala aibweze potuluka. Wa m'ngalawa asatsike, wa pamtunda asakwere. Mlembi wa padoko wolekerera chimodzi mwa izi akakhale zaka zisanu ndi ziwiri ku ndende ya Ganizabwino.

Mlembi wina wokalamba anakweza dzanja ndi kufunsa kuti ngalawa ingakwere bwanji phiri la Tikambirana.

"Funso lanzeru," anayankha a Sindinamve. "Tikhazikitsa komiti."

Kunena zoona, Elube anabwerera kwawo wokondwa. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ntchito yake inalibe buku, tsopano inali nalo, la masamba mazana awiri, lachikuto chofiira. Atangofika anapita nalo kumsika wa pansi pa mitengo ya mango, nakwera pa kreti ya zakumwa, ndi kuwerengera anthu.

Woyamba kuyankha anali Nankhoma, mlongo wa malemu mwamuna wake, yemwe ankagulitsa tomato komanso anali mzamba wa chilumba chonse.

"Alamu, mphepo yotsalayo akaibweza tiziisunga kuti? Ndipereke dengu langa?"

"Mayi mlembi," anatero a Lufeyo, mwini khoka lalikulu pachilumbapo, akusenda nzimbe ndi mano, "ine ndinabadwira pano, imvi zandimerera pano. Ngalawa ya matanga ndinaionapo kamodzi, pa chitini cha mabisiketi."

"Lamulo ndi lamulo, a Lufeyo."

"Ayi, ine ndikuliyamikira. Mwa malamulo onse amene atitumizira, lokhali ndi lomwe sitingathe kuliphwanya ngakhale titayesetsa."

Panapita miyezi isanu. Tsiku lina Lachitatu m'mawa, msika utangoyamba kudzaza, amayi ochapa kugombe anayamba kukuwa akuloza kunyanja. Kunali chinthu choyera, chachitali, chikubwera mokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa wamasese. Elube sanachedwe. Anavala chipewa cha ntchito, natenga buku lofiira ndi chimkuzamawu, napempha a Lufeyo kuti amupalasire pa bwato lawo.

Atayandikira anaona bambo wowonda wa magalasi atakumbatira chiwongolero ndi manja onse awiri, nkhope itatuwa ngati phulusa.

"Takulandirani ku Ufumu wa Bweranimawa!" anafuula Elube pa chimkuzamawu, ngakhale kuti anali pafupi moti akanatha kugwirana chanza. "Chilolezo muli nacho?"

"Mayi, tithandizeni!" anayankha bamboyo m'chilankhulo chofanana ndi chawo, chongosiyana kakokedwe ka mawu. "Dzina langa ndi Tobiyasi, tachokera kutsidya, ku Zatheka. Mkazi wanga ndi woyembekezera, matenda amuyamba masabata atatu nthawi isanakwane. Woyendetsa ngalawayi ndi iyeyo. Ine ndine mphunzitsi chabe, nyanja ndimaidziwa pa mapu."

"Chilolezo mukatenge ku Tikambirana."

"Ndi kuti kumeneko?"

"Pamwamba pa phiri. Mupite ndi ngalawayi."

Bamboyo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, ngati kuti vuto linali m'maso. Pomwepo m'kati mwa ngalawa munatuluka mawu a mkazi, amphamvu, odukaduka ndi ululu.

"Tobiyasi! Siya kucheza, ponya nangula!"

"Ndamva, Zuwena!"

"Musaponye!" anakuwa Elube. "Pansipo ndi pa mfumu!"

"Ndani ameneyo?" anafunsa mawu a m'katiwo.

"Ndi boma, mkazi wanga."

"Uliuze bomalo libwere lidzabereke m'malo mwanga!"

A Lufeyo anakhosomola, naloza ndi nkhafi kumpoto kwa doko, kumene miyala yakuda yotchedwa Manoakuthwa inkaonekera mafunde akabwerera. "Mayi mlembi, mphepo ikuwakankhira uko. Uyu chiwongolero akuchigwira ngati mpini wa khasu. Dzuwa likafika pamutu mudzakhala mukulemba lipoti la matabwa."

Elube anabwerera kumtunda nathamangira ku lamya. Inalira nthawi yaitali ku Tikambirana isanayankhidwe. Mtsikana wa mawu aulesi anati nduna ili ku msonkhano wophunzira kulandira alendo ndi nkhope yosekerera, ndipo sifunika kusokonezedwa. Elube anachonderera mpaka anampatsa wachiwiri kwa mlembi wa nduna.

"Mwati m'ngalawamo muli anthu angati?"

"Awiri, bwana, koma wachitatu ali m'njira."

"Wachitatuyo ali ndi pasipoti?"

"Sanabadwe, bwana."

"Ndiye muuzeni adikire, asachite zinthu mothamanga. Makolo akewo auzeni abwere mawa."

"Bwana, mawa adzakhala ali pansi pa nyanja."

"Pansi pa nyanja ndi pa mfumu. Akafikako popanda chilolezo mlandu udzakhala wanu."

Lamya inadulidwa. Elube anakhala pampando. Panali chinthu chimene anthu omuseka aja ankachiiwala. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, mwamuna wake Wisikesi anadwala m'mimba, sitima ili padoko pomwepo, koma woyendetsa anakana kumunyamula chifukwa kalata yomutumizira kuchipatala inalibe chidindo, ndipo mlembi wa nthawi imeneyo anali atapita ku ukwati ndi chidindocho m'thumba. Sitima inanyamuka, Wisikesi anamwalira Lamulungu lake. Elube anapempha ntchitoyi atalumbira mumtima kuti pa Mwatiiwala sipadzafanso munthu chifukwa pepala lasowa wolisamala. Lero mlembi analipo, pepala analisamala, koma munthu ankafabe.

Atatuluka anapeza msika wonse wasamukira kugombe. Nankhoma anali atamanga kale kamtolo ka nsalu, sopo ndi ulusi, chitenje atachikwinyira m'chiuno.

"Alamu, ine ndikupita. Mudzandimange pobwera."

"Mukakwera, zaka zisanu ndi ziwiri zanga, zinanso zanu. Ndipo miyala ija sidzafunsa kuti mzamba ndi uti."

"Nanga tingoonerera ngati mpira?"

Elube anatsegula buku lofiira, nathamangitsa chala tsamba ndi tsamba. Olemba lamulolo anali atatseka paliponse, ngakhale kuponyera mlendo nthochi anali atakuletsa pa tsamba la makumi asanu ndi anayi. Anatseka bukulo. Maso ake anagwera pa khoka la a Lufeyo, lomwe linali litayanikidwa pamchenga, lalitali ngati msewu.

"A Lufeyo, chinthu chikalowa m'khoka mwanu, boma limachitcha chiyani?"

"Nsomba."

"Chilichonse?"

"Chilichonse, mayi. Ndi lamulo la Unduna wa Nsomba, analipanga pofuna kuti chiwerengero chizioneka chonenepa. Chaka chatha tinakoka tayala la thirakitala, analemba kuti ndi kampango."

"Nsomba imafuna chilolezo polowa m'dziko muno?"

A Lufeyo analavula khoko la nzimbe. Kenaka anatembenukira kwa asodzi awo.

"Amuna inu, mukuona nsomba yoyera iyo? Ikutithawa!"

Mabwato anayi anatuluka ndi khoka. Tobiyasi ataona akuzunguliridwa anakweza manja m'mwamba, kuganiza kuti akumangidwa, koma mkazi wake, yemwe anamva zonse pa zenera, anazindikira msanga kuposa iye. Pakati pa ululu ndi ululu ankalamula: masula chingwe chofiira, tsitsa thanga, chotsa mutu wako pamenepo lingakugwere. Thanga linatsika. Asodzi anakoleka khoka kutsogolo ndi kumbuyo, nabweretsa zingwe ziwiri kumtunda.

Sipanatsale munthu wongoima. Ogulitsa tomato, osoka nsapato, aphunzitsi awiri, mbusa wa mpingo ndi mkanjo wake, onse anagwira chingwe. Elube anaika buku lofiira pamwala, navula nsapato za ntchito, nagwira kutsogolo kwenikweni. Wina anayambitsa nyimbo yokokera khoka, anthu anavomera, ndipo ngalawa inayamba kufulatira Manoakuthwa pang'onopang'ono. Chingwe chinamusupula Elube m'manja koma sanamve. Dzuwa lisanafike pamutu, mimba ya ngalawa inakhudza mchenga wofewa wa kumwera kwa doko, niyamba kupendekeka. Amuna anathamanga ndi mphanda za mitengo kuichirikiza mbali zonse.

Nankhoma anaika phazi pa makwerero, natembenuka.

"Alamu, ndikukwera ngalawa?"

"Ayi. Mukukatumbula nsomba."

Anthu anakhala pamchenga kudikira. Tobiyasi, yemwe anathamangitsidwa m'katimo ndi amayi awiri onse, ankayenda uku ndi uku pamwamba, osatsika poopa kuti mwina iye yekha akadali mlendo. Cha m'ma thili koloko masana kunamveka kulira kwa khanda, kwaukali ngati kwa mayi ake. Nankhoma anatulutsa mutu pa zenera.

"Wachira! Ndi wamkazi!"

Nthungululu zinamveka mpaka kuseri kwa chilumba. Elube anapita kukanyumba kake, nalira pang'ono chitseko chili chotseka, kenaka anapukuta m'maso ndi kulemba lipoti, pakuti sanali munthu wobisa zinthu. Analemba kuti: Lero tagwira nsomba imodzi. Utali wake ndi mamita khumi ndi awiri. M'kati mwake mwapezeka anthu awiri, amene pofika masana anali atatu. Analiwerenga pa lamya liwu ndi liwu.

Sitima ya boma, imene sinafulumirepo chiyambire, inafika patangopita masiku anayi ndi apolisi awiri. Mmodzi anatsala kulondera nsomba, winayo anamutenga Elube. Ulendo wonse sanadye. Ankaganiza za Ganizabwino, kumene ankati akaidi amaloweza zolankhula za mfumu m'mawa ndi masana, wolakwitsa n'kuyambiranso chaka.

M'bwalo la mfumu ulendo uno sanakhale kumbuyo. Anamuimika pakati, manja ake akadali omangidwa nsanza. A Sindinamve analankhula ola lathunthu, akuti mayiyu wagwetsa chipata cha dziko, wanyoza buku lofiira, wachititsa manyazi majekete a unduna.

"Mwini mafunde, chinthuchi ndi ngalawa. Chili ndi bedi m'kati. Chili ndi chimbudzi. Ndi nsomba yanji yokhala ndi chimbudzi?"

Apa anadzuka munthu amene Elube sankamuyembekezera, Wolemekezeka Zangazokha, Nduna ya Nsomba. Sikuti ankamumvera chisoni. Unduna wake unali utatha zaka zisanu wopanda chabwino cholengeza, ndipo nduna ziwirizi zinali zosapatsana moni kuyambira pomwe zinalimbirana mpando wapafupi ndi fani.

"Ndifunse nawo," anatero a Zangazokha. "Kodi olemekezekawa analowapo m'mimba mwa nsomba ya mamita khumi ndi awiri, kuti adziwe zomwe zimakhalamo?"

"Sindinalowemo."

"Ndiye asalankhule za kumene sanafike. Mayi, chinthuchi chinagwidwa ndi chiyani?"

"Ndi khoka, olemekezeka."

"Chili ndi chipsepse?"

Elube anavomera ndi mutu. "Chili nacho. Chachikulu, choyera, pamsana."

"Mchira?"

"Kumbuyo kuli kanthu kopalasa madzi, kamagwedera uku ndi uku."

"Chikachoka m'madzi chimayenda?"

"Ayi, chimangogona cham'mbali."

A Zangazokha anatambasula manja kwa anthu onse. Nduna zinagawikana pawiri, ena akukuwa kuti ngalawa, ena kuti nsomba, Nduna ya Zamaphunziro ikukuwa zonse ziwiri mosinthanasinthana. Mfumu inagogoda ndodo.

"Mnzanga wa kalendala uja," inafunsa pang'onopang'ono, "anagwirapo nsomba yotalika bwanji?"

"Mamita awiri, mwini madzi," anayankha a Zangazokha. "Ndiponso akuti inali itafa kale."

Nkhope ya mfumu inawala. "Ndi nsomba. Ndanena. Kuyambira lero pa maina anga muonjezere lakuti Msodzi Wamkulu wa Nyanja Zonse."

M'manja munaombedwa. Elube anapuma koyamba chichokere kwawo. Koma mfumu inali isanamalize.

"Mwa mwambo wa makolo, mutu wa nsomba yaikulu ndi wa mfumu. Tumizani akalipentala ndi macheka, audule, ubwere kuno. Ndikufuna msuzi wake Lamulungu."

Elube anaona m'maganizo mwake ngalawa ija itadulidwa, ndi Zuwena ataima pamchenga ndi khanda, kwawo kuli kutsidya la nyanja. Zuwena anali atamuuza, tsiku lotsatira kubadwa kwa mwana, kuti ngalawayo anaikhoma ndi malemu bambo ake kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo analibe nyumba ina. Palibe amene anamupatsa Elube mpata wolankhula, koma anagwada.

"Msodzi Wamkulu wa Nyanja Zonse," anatero, ndipo mfumu inamwetulira pomva dzina latsopanolo likugwira ntchito koyamba. "Kapolo wanu ali ndi mantha. Lamulo lanu lomwe, la nsomba, limati nsomba yoswa isaphedwe, ibwezedwe m'madzi."

"Yaswa?"

"Yaswa tsiku lomwe tinaigwira. Mwana wake ndamunyamula ndi manja angawa."

"Ndi zoona, lamulolo lilipo," anathamangira kunena a Zangazokha, amene anali atayamba kale kuda nkhawa kuti msuzi wa matabwa adzaufotokoza bwanji Lamulungu. "Tikaibweza idzatiswera zina. Chaka chamawa tidzakhala ndi khumi."

Mfumu inaganiza, ikusisita ndevu. "Khumi," inatero. "Ibwezeni. Ndipo alembe m'mabuku a sukulu kuti ndinaikhululukira ndine."

A Sindinamve anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mayiyu asaonekenso mu unduna wawo. Anavula Elube chipewa cha padoko pomwepo, a Zangazokha namuveka china chobiriwira, chomukulira, cha Mlembi wa Nsomba pa Mwatiiwala. Bwalo lisanabalalike, mfumu inaonjezera lamulo lina lobwera ndi chisangalalo. Popeza Bweranimawa tsopano linali dziko la nsomba zikuluzikulu, nsomba ya m'ufumuwo iziyambira mita imodzi kupita m'tsogolo. Yochepera apo si nsomba ya Bweranimawa, ndipo woigulitsa kapena kuidya ngati nsomba akunyoza Msodzi Wamkulu.

Elube anafika kwawo ndi chipewa chatsopano ndi lamulo latsopano. Patapita masabata awiri, Zuwena atapeza mphamvu, anthu anachotsa mphanda zija madzi atakwera, nakankhira ngalawa m'nyanja. Zuwena anali mayi wamtali, wamapewa otambalala, wosachedwa kuseka. Asanakwere anamukumbatira Elube khanda lili pakati pawo.

"Achemwali, mwanayu akadzakula n'kundifunsa kuti anabadwira kuti, ndidzati chiyani?"

Elube anatulutsa pepala m'thumba. Linali kalata ya kubadwa, yolembedwa bwino, yosainidwa. Pa malo obadwira panalembedwa kuti: M'nsomba, kumwera kwa doko.

"Kusukulu adzavutika nayo," anatero Tobiyasi atawerenga.

"Adzavutika ali moyo," anayankha mkazi wake. "Kwera, usakhudze chilichonse."

Thanga linakwera, ngalawa inatuluka mowongoka ngati yojambula ndi rula, ndipo anthu anaimika manja mpaka inasanduka kadontho.

Zitatha izi m'pamene chilumba chinayamba kumva kulemera kwa ulemerero wa mfumu. M'madzi a Mwatiiwala nsomba ya mita imodzi inkagwidwa mwina kawiri pachaka. Chimene anthu ankadya ndi kugulitsa anali matemba. Wapolisi uja anatsala kulondera nsomba, Konsitabulo Mpinganjira, analamulidwa kukhalabe kuti aonetsetse kuti mfumu sikunyozedwa. Anali munthu wofatsa, koma woopa ntchito yake. Khoka likabwera ankaima ndi ndodo yoyezera, ndipo zonse zinkabwezedwa m'madzi. Kwa masabata atatu chilumba chonse chinadya chigwada. Ana anayamba kutuwa. Kumsika tomato wa Nankhoma ankaola, pakuti tomato wopanda chothiramo ndi wa ntchito yanji.

"Alamu," anatero Nankhoma tsiku lina, "munapulumutsa atatu, mwapha mazana asanu ndi limodzi. Kusukulu masamu munkakhoza?"

Mawuwo anamulasa Elube chifukwa anali oona. M'mawa mwake anavala chipewa chobiriwira napita kugombe. A Lufeyo anali atangokoka khoka, lodzaza matemba onyezimira, akudumphadumpha pamchenga. Anthu anazungulira akungoyang'ana, ena akumeza malovu. A Mpinganjira anafika ndi ndodo yawo, yunifolomu ikulendewera, lamba ataboola bowo latsopano.

"Bwezani," anatero ndi mawu ofooka.

"Taimani kaye, a konsitabulo," anatero Elube. Anatola themba limodzi, naliyang'ana mbali zonse. "Mwayeza?"

"N'kuyezeranji, mayi? Ndi lalifupi kuposa chala changa."

"Ndiye mwa lamulo si nsomba ya Bweranimawa."

"Si ya Bweranimawa."

"A Lufeyo, achokera kuti amenewa?"

A Lufeyo anakanda m'mutu, nayang'ana kunyanja. "Ine ndawaona akubwera kuchokera uko, mayi. Kutsidya."

"Chilolezo anakuonetsani?"

"Ndawafunsa. Palibe wayankha."

Elube anabweza thembalo pa mulu, napukuta zala. "Ndiye nkhaniyi si ya unduna wanga. Awa ndi alendo olowa m'dziko popanda chilolezo, gulu lonseli. A konsitabulo, mukawabweza m'madzi ndiye kuti mwathawitsa olakwa. Ntchito ndi yanu. Amangeni."

A Mpinganjira anayang'ana matemba, nayang'ana ndodo, nayang'ananso matemba. M'mimba mwawo munalira moti oima pafupi anamva.

"Ochuluka chonchi," anatero pang'onopang'ono, "chitokosi chake ndikachipeza kuti?"

Nankhoma analoza thandala loyanikira nsomba, lomwe linali litakhala lopanda kanthu masabata atatu. "Icho. N'chopita mphepo, ndipo sanathawepo ndi mmodzi yemwe."

Konsitabulo anaimika chifuwa, nalamula kuti omangidwawo anyamulidwe m'madengu, ndipo aliyense wokonda dziko lake athandize boma kuwasunga, chifukwa wapolisi mmodzi sangalondere anthu zikwizikwi. Panalibe wokana. Amayi anabwera ndi mabeseni, aliyense kutenga akaidi ake. Pofika masana utsi unali ukufuka kuseri kwa nyumba iliyonse, ndipo Nankhoma tomato anamuthera.

Elube anaona a Mpinganjira akuchoka pathandala ndi mbale yodzaza, ataivundikira ndi chipewa chawo cha upolisi.

"Amenewo mukupita nawo kuti, a konsitabulo?"

"Awa ndi atsogoleri awo, mayi," anayankha osatembenuka. "Ndikukawafunsa mafunso kunyumba. Mulibe kamchere?"